Mkonono wa mayi wapakati, pena ndi mphuno chabe koma pena ndi BP

Mlamu wanga wa ku Senga Bay chikwatiwire sanalizepo mkonono, ndi munthu woti akagona mumachita kukamusuzumira ngati alimo mnyumbamo. Nde mimba yake yachiwiri itangodutsa miyezi isanu zinthu zinasintha, tinkamumva tili chipinda china ngati wina akuliza injini ya boti kugombe. Bambo akunyumba kwake ndi a panyanja, usiku amakhala ku usipa ndi nyali zawo kubwera mmamawa, ndiye iwo samadziwa kanthu. Amene anaulula nkhaniyi ndi mwana wawo woyamba, akuti amama akumalira ngati mvuu usiku ine sindikugona. Tinaseka mpaka misozi, mwini wake kukana kuti mukundinamizira, apongozi ake nkuti musiyeni ameneyo watopa ndi katundu wasenzayu. Zinathera pompo. Koma atapita kusikelo ulendo wotsatira anamupeza BP yakwera, chinthu chomwe pa mimba yoyamba sichinachitikepo, ndipo nesi wina atamva za mkononowo sanaseke nawo ayi, anangofunsa kuti wayamba liti.

Funso limeneli loti wayamba liti ndi lomwe linandipangitsa kuti ndiifufuze nkhaniyi, chifukwa ine ndinkangodziwa kuti mkonono ndi wa azibambo onenepa komanso amene abwera kumowa basi.

Tiyambe ndi mkonono weniweniwo kuti umachoka pati. Mpweya ukamalowa umadutsa mmphuno kenako kukhosi, ndipo njira ya kukhosiyo si paipi yolimba ayi, ndi mnofu wofewa womwe tikakhala maso minyewa imaugwira kuti ukhale wotseguka. Tikagona minyewa ija imalefuka, njira nkuchepa, lilime nkubwerera mmbuyo pangono, nde mpweya pofuna kudutsa mopanikizika umagwedeza timinofu ta kukhosi tija. Munaonapo pulasitiki yomwe amamata pa zenera losweka la minibasi mmene imalirira ikafika pa liwiro msewu wa ku Lilongwe uja? Ndi zomwezo. Njira ikachepa kwambiri phokoso limakulanso.

Tsono mimba imachepetsa njira imeneyi kuchokera mbali zingapo nthawi imodzi, ndipo apa ndi pomwe ndinadabwa kuti thupi la mzimayi limadutsa mu zambiri bwanji. Mahomoni a pakati makamaka estrogen amatupitsa kachikopa ka mkati mwa mphuno, moti pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu aliwonse amakhala ndi mphuno zotseka kwa masabata ambirimbiri ngati chimfine chosatha koma alibe chimfine, ena mpaka kumatuluka kamfuno. Mphuno zikatseka munthu amapumira pakamwa, ndipo kupumira pakamwa uli mtulo ndiye mkonono umenewo. Magazi nawonso amachuluka mthupi, amawonjezeka pafupifupi ndi theka la mmene analiri kuti akwanire mayi ndi mwana, ndipo madzi ambiri amakhazikika mminofu, nchifukwa chake madzulo mapazi amatupa mpaka silipasi kuthina. Madzi amenewa masana amakhala kumiyendo poti munthu waima kapena wakhala, koma akagona ena amabwerera kumtunda nkukafika mkhosi. Onjezanipo kulemera, mayi wa thupi lapakatikati amawonjezera makilo 11 mpaka 16 mimba yonse ndipo ena mwa mafuta ake amakhala mozungulira khosi. Pomaliza chiberekero chikamakula chimakankha mnofu wolekanitsa mimba ndi chifuwa uja mmwamba pafupifupi masentimita 4, mapapo nkukhala ndi malo ochepa osungira mpweya pomwe thupi likufuna okosijeni wambiri kuposa kale. Ndiye si zodabwitsa kuti miyezi itatu yomalizayi amayi ambiri amaliza mkonono, ndipo kwa ambiri mwa iwo palibe choopsa, akachira zimatha zokha.

Koma sikuti onse.

Pali mkonono wongopitirira bwinobwino ngati jenereta, kukoka kutulutsa kukoka kutulutsa usiku wonse. Umasowetsa mtendere ogona nawo koma mpweya ukudutsa. Ndiye pali wina woti munthu akuliza kenako zii, kuli chete ngati wasiya kupuma, inu mtima mmwamba, kenako nkudzidzimuka ndi phokoso lalikulu ngati watsamwa kapena wavuuka mmadzi. Umenewu madokotala amautchula kuti sleep apnea, kutanthauza kuti njira ya kukhosi ija yatsekeka kotheratu kwa kanthawi. Amawerenga ngati kupuma kwaima masekondi 10 kapena kuposa, ndipo zikamachitika kasanu kapena kupitirira pa ola limodzi amati vuto lilipo. Ena zimawachitikira ka 30 pa ola, taganizani usiku wonse. Mwini wake sakumbukira olo pangono, amangodzuka mutu ukuwawa, kukhosi kouma, masana kumangosinza pa mkeka ngati sanagone, koma poti wapakati aliyense amatopa palibe amene amaziika mmutu.

Chimachitika nchiyani mkatimo kupuma kukaima? Okosijeni mmagazi amatsika, ubongo umaona ngati munthu akumira ndiye umatulutsa mahomoni a mantha omwe aja amatuluka galu akakuthamangitsa, mtima nkuthamanga, mitsempha ya magazi nkufinyika, BP nkukwera, munthu nkudzidzimuka pangono kuti apume. Kamodzi si kanthu. Koma zikamabwerezeka usiku ndi usiku kwa miyezi, mitsempha imazolowera kukhala yofinyika ndipo mkati mwake mumawonongeka, thupi limayambanso kuvutika kuyendetsa shuga. Kwa munthu wamba zimenezi zimatenga zaka kuti zioneke, koma wapakati mitsempha yake ili kale pa ntchito yaikulu yodyetsa nsengwa, ndipo nsengwayo ndi yomwe mwana akupumira ndi kudyera.

Za kafukufuku zilipo ndithu, si nkhani za mmaluwa. Ku Sweden mu 2000 anafunsa amayi 502 omwe anali atangochira kumene, ndipo mwa amene ankaliza mkonono kawirikawiri 14 pa 100 aliwonse anali ndi BP yokwera pomwe mwa osaliza anali 6, matenda a preeclampsia, BP yoopsa ya amayi apakati, anali 10 pa 100 kuyerekeza ndi 4, ndipo ana obadwa ochepa thupi kusiyana ndi miyezi yawo analinso ambiri kwa oliza mkonono aja. Ku yunivesite ya Michigan ku America mu 2012 anatsatira amayi oposa 1,700, pafupifupi mmodzi mwa atatu ankaliza mkonono ndipo mmodzi mwa anayi unachita kumuyamba ali ndi pakati. Chomwe chinandigwira mtima ndi chakuti amene unawayamba ali ndi pakatiwo ndi omwe BP yokwera inkawapeza kwambiri, kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi osaliza. Apa ndi pomwe ndinamvetsa funso la nesi uja. Kenako mu 2017 kafukufuku wina wamkulu ku America komweko anachita kuyeza kapumidwe ka amayi a mimba yoyamba oposa 3,000 ndi makina ali mtulo kunyumba kwawo, anapeza kuti ovutika kupuma anali pafupifupi 4 pa 100 kumayambiriro kwa mimba nkufika 8 pa 100 mimba ili pakatikati, ndipo amenewa preeclampsia komanso shuga wa pakati zinkawagwira mochuluka kuposa anzawo.

Pano ndisanamizepo anthu. Manambala amenewa akuonetsa kuti ziwirizi zimayendera limodzi, sakunena kuti aliyense woliza mkonono adwala, onaninso bwino ku Sweden kuja 86 pa 100 a oliza mkonono BP yawo inali bwinobwino. Komanso kunenepa kwambiri kumabweretsa zonse ziwiri, mkonono ndi BP yomwe, ndiye pena gwero ndi limodzi. Ndipo njira yake imatha kuyenda chobwerera, preeclampsia ikayamba thupi limasunga madzi ambiri, nkhope kutupa, khosi mkati kutupanso, mkonono nkuyamba chifukwa cha matenda omwe alowa kale. Kaya ndi mkonono wakweza BP kaya ndi BP yabweretsa mkonono, kwa ife a kumudzi kuno yankho lake ndi limodzi lomwelo, kapimitseni.

Nanga preeclampsia yo ndi chiyani poti dzina lachichewa lokhazikika ilibe, kusikelo amangoti BP ya amayi apakati kapena kuthamanga kwa magazi. Ndi pamene BP yafika 140/90 kapena kuposa mimba itadutsa masabata 20, ndipo mumkodzo mukupezeka mapuloteni kusonyeza kuti impso zayamba kuvutika. Gwero lake limakhala ku nsengwa, mitsempha yake ikapanda kukhazikika bwino mchiberekero. Kuipa kwake ndi koti imayenda mwakachetechete, mayi amatha kupita kudimba, kusinja, kutunga madzi bwinobwino BP ili mmwamba. Ikakula ndi pomwe mutu umawawa kwambiri osamva panado, maso kuona zachimbuuzi kapena tinyenyezi, kupweteka pansi pa nthiti makamaka kumanja, nkhope ndi manja kutupa mwadzidzidzi mpaka mphete kukanika kuvuka. Ikapitirira apo mayi amakomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu, imeneyo ndiye eclampsia, ndipo imapha mayi ndi mwana yemwe. Padziko lonse matenda a BP amenewa amatenga pafupifupi 14 pa imfa 100 zilizonse za uchembere, ndipo kwathu kuno kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 aliwonse obadwa amoyo, ndiye si nkhani yakutali ayi.

Chomwe chimandipweteka ine ndi mmene timamasulira zizindikirozi. Mayi akatupa timati ndi mapasa amenewo, kapena akuti mwana wamwamuna ndiye amatupitsa. Mutu ukawawa timati ndi dzuwa la Okutobala lino la kunyanja. Akakomoka ena amathamangira kunena kuti amulodza kapena bambo anayenda njira zolakwika, nthawi nkumatha anthu akufunsana mafunso mmalo mosaka galimoto. Chonsecho mankhwala oletsa kukomokako alipo, magnesium sulphate, ndi akalekale komanso azamba athu anaphunzira kabayidwe kake. Amayi omwe ali pachiopsezo chachikulu, monga amene zinawachitikirapo pa mimba ina, pena amapatsidwa aspirin wochepa mphamvu kuyambira mimba ikadali yaingono, koma zimenezo ndi a chipatala okha oyenera kulamula osati kukagula pa okala.

Tsono vuto la mkonono ndi loti mwini wake saumva. Chizindikiro chilichonse cha mimba mayi amadzionera yekha, kutupa, nseru, mwana kusewera, koma ichi chokha chimafuna mboni. Ndipo kwathu kuno mboniyo nthawi zambiri kulibe. Bambo ali panyanja usiku, kapena ali pa shifiti ku mizimbe ku Dwangwa, kapena ali ku Joni, penanso mwambo umati mimba ikakula asiyane mphasa. Amene amamva ndi ana, mngono wake, apongozi, kapena amayi anzake akapita kuchidikiro, ndipo onsewa amangoseka ngati mmene tinachitira ife. Olo atamuuza, ndi mzimayi uti angaime pamaso pa nesi anzake ali pa mzere nkunena kuti ine ndimaliza mkonono? Timauona ngati chinthu chochititsa manyazi, chosayenera munthu wamkazi. Ku sikelo nakonso mafunso amakhala a magazi, malungo, mwana akusewera bwanji, za tulo sizifunsidwa kawirikawiri poti mzere ndi wautali. Nde ngati mumagona naye pafupi, ntchito imeneyi ndi yanu. Usiku umodzi mungokhala maso kanthawi mumvetsere, kodi ukungopitirira kapena ukumaduka, akumatsamwa, ndi masiku angati pa sabata. Ofufuza a ku Michigan aja ankawerenga oliza mkonono mausiku atatu kapena kuposa pa sabata, osati wa tsiku limodzi atatopa ndi kumunda. Muli ndi foni mujambuleni mawu mphindi ziwiri, osati kuti mukamuseke pa gulu la WhatsApp chonde, koma kuti akamvetse nesi.

Akapita kusikelo anene zinthu zitatu izi mosabisa, kuti mkonono wayamba mwezi wakuti, kuti amabanika kapena ayi, komanso mmene akudzukira mmawa. Apemphe kuti BP iyezedwe ndipo nambala yake ilembedwe mbuku, mkodzo nawo auone ngati zida zilipo. Pena mumapeza makina a BP mabatire atha, zimachitika, koma imeneyo isakhale mathero, funsani tsiku lobwerera kapena kayezetseni kwina. Kuyambira 2016 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti mayi aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu pa mimba imodzi, koyamba miyezi itatu isanathe, ndipo maulendo ambiri anawaunjika kumapeto dala chifukwa ndi nthawi yomwe BP imakonda kutembenuka. Kuyamba msanga kuli ndi ubwino wina womwe anthu saunena, nesi amadziwa BP yanu ya masiku onse ndiye ikasuntha amaona msanga. Amene muli kutali, kaya ku Khombedza, Lifuwu, Chipoka, Benga, zipatala zazingono zimatumiza ku Salima kapena ku Nkhotakota pa boma zinthu zikavuta, ndipo palinso Chipatala Cha Pa Foni chomwe mumaimba ulere kufunsa malangizo. Koma mutu woopsa uja, maso kuchita mdima, kukomoka, mwana kusiya kusewera, zimenezo si zoimbira foni kapena kudikira tsiku la sikelo, ndi zonyamuka nthawi yomweyo olo pakati pa usiku.

Kunyumba zochita zilipo ndipo zambiri ndi zaulere. Chachikulu ndi kagonedwe. Kugona chagada ndi komwe kumagwetsera lilime kukhosi, komanso mimba ikakula chiberekero chimapsinja mtsempha waukulu wobweza magazi kumtima, ndiye kuyambira masabata 28 malangizo ndi oti mayi azigona chammbali. Kafukufuku wa mmaiko angapo anapeza kuti kuyamba tulo chagada miyezi yomalizayi kumawonjezera chiopsezo choti mwana afere mmimba kuposa kawiri. Kumanzere kapena kumanja konse kuli bwino, ndipo mukadzidzimuka muli chagada musachite mantha, ingotembenukani. Pindani chitenje kapena bulangete muike kumsana, pilo wina pakati pa mawondo, kumutu kukwereko pangono. Mlamu wanga tinamuikira kathumba ka zovala kumsana ndipo phokoso linatsika usiku womwewo, ngakhale silinathe.

China ndi utsi, ndipo ichi ndi chathuchathu. Wapakati mphuno zatupa kale nde tsiku lonse ali mkhitchini yopanda zenera akupemerera nkhuni zaziwisi, madzulo ali pa uvuni kuwamba nsomba, usiku koyilo ya udzudzu ikufuka pafupi ndi mutu, mwezi wa Juni mwera ukamawomba mbaula ilowa mchipinda. Mphuno zake zipuma nthawi yanji? Aphikire panja pomwe mphepo ikudutsa, ntchito yowamba ena amulandireko, koyilo isiyidwe agone mu neti yomwe analandira kusikelo, ndipo mbaula mchipinda chotseka ndi yoopsa kwa aliyense osati wapakati yekha. Osuta fodya akasutire kutali. Mowa ndiye osayerekeza, umalefula minyewa ya kukhosi kuwonjezera pa zomwe umachita kwa mwana. Madzi a mchere otsukira mmphuno omwe amagulitsa ku famase ndi abwino, koma mankhwala opopera mmphuno otsegula msanga aja, mapilitsi a chimfine ndi ogonetsa, musamwe musanafunse, ena amakweza BP ndipo opoperawo mukapitirira masiku atatu mphuno zimatsekeratu kuposa kale. Za zitsamba zomwe agogo amabweretsa mbotolo nazonso chimodzimodzi. Ndipo chonde pasapezeke wina womuuza wapakati kuti achepetse nsima kapena kondowole ati kuti aphwe mkonono uthe, nthawi ya pakati si yochepetsera thupi, kuyenda pangono madzulo kukazizira ndi kokwanira.

Kwa amene sleep apnea yawo ndi yaikulu, mankhwala ake enieni ndi makina otchedwa CPAP, kachigoba kovala pamphuno usiku komwe kamapopa mpweya pangonopangono kuti njira isatsekeke, ndipo ndi otetezeka kwa wapakati. Dzinali ena munalimvapo ku nazale ya ana obadwa masiku asanakwane, makina a Pumani aja omwe anayesedwa koyamba ku Queen Elizabeth ku Blantyre amagwira ntchito pa nzeru yomweyo, kungoti amenewo ndi a makanda. A akuluakulu ndi odula, amafuna magetsi usiku wonse, ndipo kuyeza tulo ndi makina si chinthu chomwe mungachipeze pa chipatala cha kumudzi. Nchifukwa chake ine ndikukakamira pa BP, chifukwa imeneyo ndi yomwe tingathe kuyeza kulikonse ndipo ndi yomwe imapha.

Mayi akachira mphuno zija zimatseguka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, madzi amachoka, mkonono kwa ambiri umatha. Koma BP imatha kukwera kapena kuyamba kumene mwana atabadwa kale, mpaka masabata 6, ndiye mutu woopsa kwa mayi wa khanda si wongoti watopa ndi kuyamwitsa. Ngati pakatha miyezi ingapo akubanikabe mtulo apitenso akanene, chifukwa pamenepo vuto silinali la mimba yokha.

Mlamu wanga anamuika pa mankhwala a BP, ankapita kukayezetsa sabata iliyonse pa kabaza, mwezi womaliza anakadikirira kuchipatala ndipo anachira bwinobwino mwana wamkazi. Mkonono wake unatha mwana asanathe mwezi. Womwe watsala mnyumbamo ndi wa bambo aja, umalira masana akabwera kunyanja, ndipo nawonso ndawamva kangapo ukumaduka pakati, koma kuti apite akayezetse BP ndiye mpaka pano tikukanganabe.